Matabuleti pa sukulu za kumudzi: akuchita chiyani, ndipo akuwasamala ndani?

Masiku ano sipadutsa nthawi osamva pa wailesi kuti sukulu ina ya kumudzi yalandira matabuleti, kapena kuti pa CDSS ina atsegulira chipinda cha makompyuta. Nkhanizi zimafika kwa makolo zitasakanikirana. Ena amamva ngati mwana aliyense apatsidwa tabuleti yake yopita nayo kunyumba, ena amaopa kuti ana ayamba kuonera zolaula pa intaneti. Pali aphunzitsi amene amadzifunsa ngati makinawa sakubwera kudzawalanda ntchito. A komiti ya sukulu nawo nkhawa yawo ndi ina: katundu wodula chonchi akamagona pa sukulu yopanda mpanda, amulondera ndani? Mafunso onsewa ndi omveka, koma sakunena chinthu chimodzi.

Zinthu zitatu zosiyana

Choyamba ndi tabuleti yophunzitsa kuwerenga ndi masamu, imene ikupita ku sukulu za pulayimale za boma kudzera mu pulogalamu ya BEFIT. Iyi ndi ya ana a Sitandade 1 mpaka 4. Cholinga chake si chakuti mwana adziwe kompyuta ayi. Cholinga n'chakuti adziwe malembo, maphatikizo, mawu ndi manambala, zomwezo zimene aphunzitsi amalemba pa bolodi.

Chachiwiri ndi chipinda cha makompyuta ku sekondale. Kumeneko kompyutayo ndiyo phunziro lenilenilo: kuiyatsa, kutaipa, kusunga zimene walemba, kufufuza pa intaneti, ndipo ena amalemba phunziroli pa mayeso a MSCE. Bungwe la MACRA, lomwe limayang'anira za mafoni, mawailesi ndi intaneti, lili ndi thumba la ndalama zochokera ku makampani a zamtokoma, ndipo mwa zina limamangira zipinda zoterezi m'masukulu a CDSS kudzera mu ntchito yake ya Connect a School.

Chachitatu sichitchulidwa pa misonkhano, koma ndicho chafala kwambiri: foni ya mphunzitsi. Aphunzitsi ambiri ali pa magulu a WhatsApp a zoni yawo kapena a phunziro lawo, momwe amatumizirana mapepala a mayeso akale, manotsi ndi mauthenga ochokera kwa a PEA, alangizi a zamaphunziro a m'zoni. Foniyo adagula yekha, yunitsi amagula yekha, ndipo nthawi zina amakatchajitsa pa tauni ndi ndalama ya m'thumba mwake.

Pokambirana za luso lamakono m'kalasi, ndi bwino kuyamba tafunsana kuti tikunena chiti mwa zitatuzi, chifukwa mtengo wake, phindu lake ndi mavuto ake n'zosiyana.

Tisanafike pa tabuleti, padali wailesi

Kuphunzitsa mwana wa kumudzi kudzera m'makina si kwachilendo m'Malawi. M'chaka cha 1965 boma lidakhazikitsa koleji yophunzitsa anthu ali kwawo, imene pambuyo pake idatchedwa Malawi College of Distance Education, kapena kuti MCDE. Ophunzira ankalandira maphunziro olembedwa komanso kumvera ena pa wailesi ya MBC. Malo amene ankasonkhanamo, ma DEC aja, ndiwo adasinthidwa kukhala ma CDSS chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Tinganene kuti sekondale ya kumudzi imene tikuidziwa lero idabadwira m'maphunziro apatali.

Kenako kudabwera Tikwere, pulogalamu ya pa wailesi ya ana a makalasi oyambirira, yothandizidwa ndi USAID. Masukulu adalandira mawailesi opukusa ndi dzanja kapena oyendera dzuwa. Mphunzitsi wa pa wailesi ankafunsa funso n'kukhala chete kanthawi kuti ana ayankhe, uku mphunzitsi wa m'kalasi akuloza pa bolodi. Sukulu zitatsekedwa pa 23 March 2020 chifukwa cha Covid-19, boma lidabwereranso ku wailesi pofuna kufikira ana a pulayimale, pamene a sekondale adawaikira maphunziro pa intaneti. Apo m'pamene kusiyana kudaonekera poyera: mwana wa m'tauni wokhala ndi foni yamakono adapitiriza, wa kumudzi adakhala miyezi osagwira kope.

Wailesi ndi yotchipa ndipo imafika kutali, koma imalankhula kwa ana onse mofanana ndiponso pa liwiro limodzi. Wotsalira watsalira basi. Apa ndi pamene opanga matabuleti amati iwo ali ndi yankho.

Vuto limene akufuna kuthetsa

M'chaka cha 1994 boma la Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulayimale. Chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'kanthawi kochepa, koma zipinda, mabuku ndi aphunzitsi sizidachuluke mofanana. Mpaka lero boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, pamene m'masukulu ambiri a kumudzi kalasi ya Sitandade 1 imapitirira 100, ena atakhala pansi pa mtengo.

Zotsatira zake zidaonekera mu kafukufuku wa MICS wa 2019 mpaka 2020, amene adachita a ofesi yoona za chiwerengero cha anthu ya NSO mothandizidwa ndi UNICEF. Mwa ana a zaka 7 mpaka 14, pafupifupi 19 okha pa 100 alionse ndiwo ankatha kuwerenga kankhani kosavuta n'kuyankha mafunso ake, ndipo pafupifupi 13 pa 100 ndiwo ankakwanitsa masamu oyambirira. Amene amathandizira matabuleti ndi amene amawakayikira onse amavomereza kuti ziwerengerozi n'zomvetsa chisoni. Amasiyana pa mankhwala ake.

Mmene tabuleti ya BEFIT imagwirira ntchito

Mkati mwa tabuleti muli pulogalamu yotchedwa onecourse, yopangidwa ndi bungwe la ku Britain la onebillion. Mwana amavala mahedifoni, ndipo mphunzitsi wojambulidwa, dzina lake Alefa, amamulankhula m'Chichewa. Amayamba ndi kumuyesa ndi timafunso tochepa kuti aone pamene wafika, kenako amamupatsa phunziro logwirizana ndi msinkhu wa nzeru zakewo. Mwana akakhoza amamuyamikira nthawi yomweyo, akalakwa amamuonetsanso. Choncho ana awiri okhala moyandikana atha kukhala akuphunzira zinthu zosiyana: wina akulondola chala pa lembo la "m", mnzake akuwerenga kankhani. Mphunzitsi mmodzi wokhala ndi ana 120 sangachite zimenezi ngakhale atakhala wakhama chotani.

Zinthu ziwiri zimene makolo ambiri sadziwa ndi izi. Maphunziro onse ali kale mkati mwa tabuleti, motero siifuna intaneti kuti mwana aphunzire, ndipo idatsekedwa kuti asalowe pa Facebook kapena kwina kulikonse. Komanso si ya mwana mmodzi. Matabuleti amazungulira makalasi motsata ndandanda, kalasi ina ikamaliza nthawi yake ina n'kulandira, ndipo madzulo amawatsekera m'bokosi lotchajira pa sukulu pomwepo.

Ntchitoyi idayamba pang'onopang'ono. M'chaka cha 2013 Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham adayesa pulogalamu ya masamu ya onebillion pa sukulu ya Biwi mu mzinda wa Lilongwe. Ana adagwiritsa ntchito matabuleti theka la ola pa tsiku kwa masabata 8, ndipo adakhoza masamu kuposa anzawo amene adangophunzira mwa masiku onse. Bungwe la VSO lidaifalitsa m'masukulu ena pansi pa dzina loti Unlocking Talent, momwe ana ankapita m'kachipinda kapadera m'magulumagulu. Mu 2019 onebillion idali imodzi mwa mabungwe awiri amene adapambana Global Learning XPRIZE, mpikisano wa mapulogalamu ophunzitsa ana kuwerenga ndi masamu, omwe adawayesera m'midzi ya ku Tanga m'dziko la Tanzania. Kenako mu 2023 Unduna wa Zamaphunziro, pamodzi ndi Imagine Worldwide, VSO ndi onebillion, udayamba BEFIT m'masukulu 500, ndi cholinga chofikira masukulu onse a pulayimale a boma, pafupifupi 6,000, pofika cha m'ma 2029. Ana amene akuyembekezeka kupindula ndi oposa 3 miliyoni.

Zimene maiko ena adaona

Okayikira sakungolankhula. Mu 2005 Nicholas Negroponte wa ku yunivesite ya MIT ku America adalengeza ntchito ya One Laptop per Child, yofuna kuti mwana aliyense wa m'maiko osauka akhale ndi laputopu yotchipa yakeyake. Dziko la Peru lidagula malaputopu oposa 800,000. Banki ya Inter-American Development Bank itafufuza m'masukulu 319 a kumudzi, idapeza mu 2012 kuti patatha miyezi 15 ana adaidziwa kompyuta, koma pa masamu ndi chilankhulo sadapose anzawo amene sadalandire. Ku Kenya, Uhuru Kenyatta adalonjeza malaputopu kwa ana a kalasi yoyamba pa kampeni ya 2013. Zipangizo zidayamba kugawidwa mu 2016, koma m'malo ambiri zidangokhala m'makabati chifukwa aphunzitsi sadaphunzitsidwe mokwanira, magetsi kudalibe, ndipo zina zidabedwa. Mu 2023 bungwe la UNESCO lidachenjeza kuti umboni wodalirika wa phindu la zipangizozi ndi wochepa, ndipo wambiri umachokera kwa amene akuzipanga kapena kuzigulitsa.

Othandizira BEFIT amayankha kuti ku Peru adangopereka makina n'kuyembekeza kuti mwana adziphunzitsa yekha, pamene kuno chachikulu ndi maphunziro a mkatimo, amene ali m'chilankhulo cha mwanayo, ali ndi nthawi yake pa ndandanda, ndipo adayesedwa asanafalitsidwe. Akunena zoona kuti kafukufuku wina amene adachitika pambuyo pa wa ku Biwi uja adapezanso kusintha pa kuwerenga ndi masamu. Nawonso okayikira akunena zoona kuti kuyesaku kudachitika m'masukulu owerengeka, ena a m'tauni kapena kufupi ndi tauni, oyenderedwa pafupipafupi. Chinthu choyenda bwino ku Biwi, kumene mmisiri angafike tsiku lomwelo, sitinganene msanga kuti chiyendanso chimodzimodzi ku sukulu ya kuseri kwa mtsinje ku Nsanje kapena ku mapiri a Chitipa, kumene galimoto siifika dzinja lonse.

Magetsi ndi netiweki

Kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu 84 pa 100 alionse amakhala kumudzi, ndipo nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 ndizo zinkaunikira magetsi. Kumudzi zidali pafupifupi 4 pa 100. Ntchito ya boma yopititsa magetsi kumudzi ya MAREP yafikitsa mawaya m'malo ochitira malonda ambiri, koma sukulu yokhala patali ndi thiransifoma imafunika ndalama zambiri kuti ilumikizidwe, ndipo ikalumikizidwa pamafunika wogula mayunitsi mwezi ndi mwezi. Ngakhale magetsi a ESCOM amene si odalirika nthawi zonse: namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko lidataya mphamvu pafupifupi 130 megawatts kwa nthawi yoposa chaka.

N'chifukwa chake matabuleti a pulayimale amayendera sola. Mapanelo amakhala pa denga, mabatire m'chipinda chokhoma. Mapanelo amakhalitsa, koma mabatire amatha mphamvu pakapita zaka zingapo, ndipo ndiwo amene akuba amawafuna kwambiri chifukwa amagulika mosavuta. Chipinda cha makompyuta cha ku sekondale chimafuna magetsi ochuluka kuposa apa, ndipo ngati ana azifufuza pa intaneti pamafunika netiweki ndi ndalama yolipirira mwezi uliwonse. Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, idayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, ndipo imafika kumene kulibe nsanja za TNM kapena Airtel, koma nayonso ndi yolipira.

Mbali ya anthu a m'mudzi

Apa ndi pamene pagona nkhani, ngakhale kuti pa mwambo wopereka zipangizo sipatchulidwa kwambiri. Sukulu ya kumudzi m'Malawi siyendetsedwa ndi aphunzitsi okha. Pali komiti yoyendetsa sukulu, komiti ya makolo ndi aphunzitsi ya PTA, gulu la amayi la Mother Group lotsatira atsikana osiya sukulu, ndi mafumu amene amamema anthu pa chitukuko. Anthu amenewa ndiwo adaumba njerwa za midadada yambiri imene ana akuphunziramo, kututa mchenga ndi kutunga madzi. Kumene kuli phala la Mary's Meals, amayi a m'midzi yozungulira ndiwo amalawirira m'bandakucha kukaphika mosalipidwa. Matabuleti akafika amagwera m'manja mwa anthu omwewa.

Aliyense wokhala kumudzi amadziwa mbiri ya mjigo. Tsiku loutsegulira pamakhala nthungululu, madzi n'kumatuluka bwinobwino. Pakatha zaka ziwiri kalabala kena kamkati kamatha. Kumene kuli komiti yotolera kangachepe mwezi ndi mwezi, ndiponso mmisiri wa m'dera wodziwa kumasula, mjigo umadzuka sabata yomweyo. Kumene anthu amati "ndi wa boma" kapena "eni ake abwera", amayi amabwerera kudambo. Tabuleti ilinso chimodzimodzi: tizinthu tating'ono ndito timaigwetsa, monga hedifoni yoduka waya, chaja yopsa, galasi losweka, loko wothyoka.

Pa nkhani ya chitetezo, ntchito imene imagwera anthu a m'mudzi kawirikawiri ndi yopeza mlonda, kulimbitsa zitseko ndi mawindo a chipinda chosungiramo, ndi kuuza apolisi a m'mudzi kuti azizungulirako usiku. Mlonda amafuna malipiro. Ndalama ya SIG, imene boma limatumiza ku sukulu za pulayimale kuti zizikonzera zinthu, ndi yochepa ndipo ili kale ndi ntchito zambiri, kuyambira choko mpaka zimbudzi. Komiti ikapempha makolo kuti asonkhe, ena amafunsa, ndipo funso lawo ndi lomveka: paja mudati pulayimale ndi yaulere? Mwezi wa February, nkhokwe zitauma, ngakhale ndalama yochepa imakhala yolemetsa pa banja la ana anayi.

Palinso nkhani ya kukhulupirirana. M'madera ena chinthu chachilendo chikabwera popanda kufotokozedwa bwino, mphekesera zimathamanga kuposa uthenga weniweni, ndipo tidaziona kale pa nkhani ya katemera. Njira yodziwika yothetsera mantha otere ndi yakale: kuyamba kwa amfumu, kuitanitsa msonkhano, ndi kupatsa makolo tabuletiyo kuti aigwire okha, amve zimene mwana akumva. Gogo amene sadapiteko ku sukulu akamva makina akutchula "a, e, i, o, u" m'Chichewa, amadziwa yekha chimene chikuchitika.

Ndiye pali mphunzitsi. Tabuleti siidzinyamula kuchoka m'bokosi, siikhazika ana pansi, siizindikira kuti mwana uyu wangokhala chete chifukwa hedifoni yake siikumveka kapena chifukwa sadadye. Ntchito zonsezi zawonjezeka pa munthu amene ali kale ndi kalasi yodzadza. Aphunzitsi ena amaikonda nthawi imeneyi chifukwa kalasi imakhala bata ndipo amapeza mpata woona mwana mmodzimmodzi. Ena amaiona ngati katundu woonjezera wopanda alawansi. Ndipo mphunzitsi amene adaphunzitsidwa bwino akasamutsidwa, nzeru zake zimapita naye ngati sadaphunzitse anzake.

Ana a pakati: Sitandade 5 mpaka Fomu 2

Msinkhu umenewu, wa zaka pafupifupi 11 mpaka 15, ndi umene maiko ena monga America amaupatsa sukulu yakeyake ya pakati pa pulayimale ndi sekondale. Kuno kwathu maphunziro ndi a zaka 8 ku pulayimale ndi 4 ku sekondale, choncho anawa amagawikana pawiri, ndipo pa nkhani ya zipangizo ndiwo ali pampata. BEFIT imathera Sitandade 4. Zipinda za makompyuta zili ku sekondale, ndipo si CDSS iliyonse ili nacho. Mwana amene adazolowera tabuleti kwa zaka zinayi atha kukhala zaka zina zinayi osaigwiranso, ngakhale ikugona m'chipinda choyandikana ndi kalasi yake.

Komatu pa msinkhu womwewu m'pamene zinthu zimavuta. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro amaphunzitsidwa m'Chingerezi, ndipo mayeso a PSLCE amalembedwa m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa. Atsikana ambiri amasiyira sukulu m'makalasi amenewa chifukwa cha mimba, maukwati ndi umphawi, anyamata n'kumapita ku maganyu. Pa amene amakhoza PSLCE, si onse amapeza malo ku sekondale, ndipo ambiri mwa osankhidwa amapita ku CDSS, kumene kawirikawiri kulibe labu ya sayansi ndipo buku limodzi amagawana anthu angapo.

Ena amati ndalama zikhalebe kumunsi, chifukwa mwana wosatha kuwerenga pofika Sitandade 4 palibe chimene kompyuta ingamuthandize ku Fomu 1. Ena amati mwana wa Fomu 1 wa ku CDSS ndiye angapindule kwambiri ndi kanema woonetsa zoyesera za sayansi zimene sukulu yake ilibe zida zake, kapena ndi kabokosi kosunga mabuku ambirimbiri koti ana aziwerenga popanda intaneti. Zimene ana okulirapowa amafuna n'zosiyananso ndi za aang'ono: ayenera kulemba, kufufuza ndi kusiyanitsa nkhani yoona ndi yabodza, zinthu zofuna mphunzitsi wodziwa kompyuta, amene kumudzi ndi wosowa.

Mafunso amene adakali poyera

Loyamba ndi la ndalama. Oyendetsa BEFIT amati mtengo wake pa mwana mmodzi pa chaka ndi madola ochepa, osafika 10, ndipo dongosolo lake n'lakuti abwenzi akunja alipire poyambira, boma lidzapitirize. Koma matabuleti, mabatire ndi mapanelo zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo mu November 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Zipangizo zoyambirira zikadzatha, kodi bajeti ya unduna idzakwanitsa kugula zina, kapena ntchitoyi idzayamba kuzilala sukulu imodziimodzi?

Lachiwiri ndi loti ndalama yomweyo ikadagwira ntchito ina, monga kulemba aphunzitsi amene adamaliza maphunziro awo koma akungokhala, kumanga zipinda kapena kugula mabuku, phindu likadakhala lotani. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ndipo yankho lidalira kafukufuku wa anthu oima paokha m'masukulu akutali enieni, kwa zaka zingapo. Kodi zimene mwana wapeza mu Sitandade 2 zimaonekerabe akafika Sitandade 8?

Pali funso la chilankhulo. Mwana wa ku Rumphi amene kwawo amalankhula Chitumbuka, wa ku Mangochi wolankhula Chiyao, kapena wa ku Nsanje wolankhula Chisena, akumva mawu a m'hedifoni mofanana ndi mwana wa ku Dedza? Nanga mwana wosamva kapena wosaona akuchita chiyani nthawi imene anzake ali pa matabuleti? Matabuleti amasunganso mbiri ya mmene akugwiritsidwira ntchito. Malawi idakhazikitsa lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu mu 2024, koma makolo ambiri sadauzidwepo kuti chimasungidwa n'chiyani ndipo amachiona ndani. Mabatire ndi matabuleti akufa nawo adzafuna kotayira koyenera, osati kudzala la kuseri kwa sukulu.

Ndipo pali funso limene a komiti amafunsa kuyambira tsiku loyamba. Ngati udindo wolondera, kukonza tizinthu ting'onoting'ono ndi kulimbikitsa ana uli pa anthu a m'mudzi, kodi malire a udindo wawo ali pati, ndipo wa boma ukuyambira pati? Batire ikabedwa pa sukulu imene makolo adalephera kulipira mlonda chaka cha njala, ana a pamenepo adzapatsidwanso ina, kapena adzadikira mpaka mudzi utasonkha?